Kodi mlendo amasiya liti kukhala mlendo?

Kadzidzi_wa_usiku
Abale ndithandizeni, dzulo tatsutsana ndi bambo akunyumba mpaka tulo kutithawa pa nkhani ya mawu amodzi basi. Alamu anga anabwera kudzafuna ntchito, pano miyezi 4 yakwana koma aliyense akawatuma kanthu bambowa amangoti asiyeni ndi alendo. Ine ndikuti ulendo wakewo unatha kale kale. Ndiye mwana wanga wa sitandade 5 anali kumvetsera, nkufunsa kuti amayi nanga munthu wosamudziwa wofunsa njira uja timamutinso mlendo bwanji pomwe sitinamulandire pakhomo? Ndangoti kakasi. Mlendo ndi ndani kwenikweni?

Choko_ndi_bolodi
Mwana wanuyo ndi wanzeru achemwali. Taonani mawu awa: mlendo, ulendo, chilendo. Tsinde lake ndi limodzi, -lendo, ndiye mlendo poyamba penipeni ndi munthu amene ali pa ulendo, sali kwawo. Kaya mwamulandira kaya simunamulandire iyeyo ndi mlendo basi. Nchifukwa chake munthu amatha kunena yekha kuti pepani ndine mlendo kuno, kutanthauza kuti malowa sakuwadziwa, ndipo chinthu chimene sitinachionepo timati nchachilendo.

Kusiyana kumabwera ndi kamawu kakang'ono kotsatira. Mukati "pamsewu paima mlendo" ameneyo alibe mwini, koma mukati "mlendo wanga" kapena "alendo a bambo" ndiye kuti pali wina amene wamulandira, akumuchereza ndipo zikavuta afunsidwa ndi iyeyo. Pa chizungu amagawa pawiri, wolandiridwa ali ndi dzina lake wosadziwika alinso ndi lake, ife tinangomanga mtolo umodzi ndipo ine ndimaona kuti nzabwino choncho chifukwa wosadziwikayo akangoti odi ife nkuti lowani wasanduka wathu pompo. Chiswahili nachonso chimatero, mgeni ndi onse awiri.

Mjomba_wa_rimoti
kkkkk miyezi 4 eti?? Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame amene afika masana dzuwa lili paliwombo osauma amenewo si mame ayi ndi chithaphwi. Muyeso wanga ndi wophweka, ngati akulowa osaodira, pasiwedi ya wayifayi akuidziwa pamtima, rimoti akuilanda ana komanso kukabwera anthu ena iwo ndi amene akukatsegula chitseko nkumati takulandirani, amenewo ndi eni khomo apatseni tsache.

Agogo_a_pa_intaneti
Mjomba mwandiseketsa koma mwambiwo mwaupotoza mwanawe. Umatiuza ife olandira kuti timusamale munthuyo chifukwa sakhalitsa, sikuti ndi chikwapu chomuthamangitsira. Palinso wina woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru imene yakusowani pakhomo ikhoza kubwera ndi iyeyo, ndiye musamuderere.

China chimene aphunzitsi sanatchule, mwana akabadwa timati kwabwera mlendo, ndipo khandalo silinayende ulendo wa basi kapena wapansi koma ndi latsopano pakati pathu, sitinalidziwe mtima wake. Apa mpamene ine ndimaonera kuti mawuwa sawerenga masiku kwenikweni, amayeza kuzolowerana. Komanso amuna anuwo akamati "ndi alendo" kunena munthu mmodzi, a- ameneyo ndi waulemu, mwina akungolemekeza mbale wawo pamaso pa ana. Chimene ndingakuchenjezeni mwana wanga, musadzayerekeze kusintha nkuwatcha obwera. Mlendo ndi mawu ofewa, obwera amaluma, amamuuza munthu kuti kuno si kwanu ndipo sudzakhala wathu.

Choko_ndi_bolodi
Zoona agogo. Onaninso mmene mawuwa alowera m'zatsopano, mlendo wolemekezeka pa msonkhano, nyumba yogona alendo, ntchito zokopa alendo. Wa ku hotela amalipira yekha chilichonse koma timamutchabe mlendo, sitinena kuti kasitomala wogona.

Kadzidzi_wa_usiku
Zikomo nonse, mwana ndamuwerengera za ulendo ndi chilendo zija wamva bwino. Za obwera sindingayerekeze agogo, alamuwo ndimawakonda. Koma ndawauza bambo kuti ngati ndi nkhani yozolowerana ndiye tinazolowerana kale mpaka ndikudziwa mkonono wawo, mawa tsache likuwadikira.