Masheya a Kohl's ndi ndalama ya malata ya Chikondi

Gulu la Amalawi Ogwira Ntchito ku UK ndi ku America, Lachitatu, 23 July 2025

Chikondi (Leicester), 07:42
Mwadzuka bwanji akuluakulu nonse. Ndangoweruka shifiti ya usiku koma tulo palibe. Mnzanga wa kuntchito wandionetsa pa foni masheya a Kohl's, mashopu aja a ku America. Lolemba anali cha m'ma $10, dzulo msika utangotsegulidwa anadumpha mpaka kupitirira $20. Akuti ma short seller achuluka kwambiri, ndiye akwerabe. Ndili ndi £1,800 yomwe ndimasungira malata a nyumba ya mayi ku Dowa. Ndiyikemo mwezi umodzi wokha? Koma ndisaname, short seller sindikumudziwa kuti ndani.

Amayi a Tadala (Leeds), 07:55
Mwanawe, yamba wagona. Ndalama ya malata sakambirana ndi maso ofiira.

Ankolo a ku Luton, 08:20
Chikondi, ndikufotokozere ngati tili kumudzi. Mu February chimanga chadula. Iwe ukupita kwa mnansi, ukubwereka thumba limodzi, nkukaligulitsa pa mtengo wokwera uja. Ukudikira kukolola, ukugula thumba lina motchipa, ukubweza kwa mwiniwake ndi kakuthokoza pang'ono. Yotsalayo ndi yako. Short seller amachita zomwezo ndi masheya: amabwereka, amagulitsa, nkumayembekezera kuti mtengo ugwe.

Tsono mvula ikakanika, chimanga nkukwera m'malo motsika, thumba lija uyenera kubwezabe. Obwereka akakhala ambiri, onse amathamangira kumsika tsiku limodzi, ndipo kugula kwawoko kumakwezanso mtengo. Chimenecho ndiye amati short squeeze. Ku Kohl's pafupifupi theka la masheya omwe ali pamsika linali lobwerekedwa motere. Mnzakoyo pamenepo sananame.

Chikondi (Leicester), 08:24
Ndiye kuti ali bwino eti ankolo?

Ankolo a ku Luton, 08:41
Wakuonetsa mtengo wa potsegulira. Mufunse wa potsekera. Dzulo lomwelo anatsekera cha m'ma $14. Amene anagula pa $20 anagona atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yake, tsiku limodzi. Msika wa New York umatsegulidwa 2:30 masana nthawi ya kuno. Iwe nthawi imeneyo umakhala uli m'tulo, kapena ukusambitsa agogo, foni ili mu loka. Zinthu zimenezi zimatembenuka m'mphindi khumi.

Asisi a ku Indiana, 11:10
Ndadzuka ndapeza nkhani ya kwathu kuno. Kohl's ndimagulako, ili pafupi ndi kumene ndimakhala. Likulu lawo lili ku Wisconsin ndipo ali ndi mashopu oposa 1,100. Sinafe ayi, chaka chatha inapezabe phindu, ndipo nyumba zambiri zomwe amagulitsiramo ndi zawo. Koma ndikuuzeni zomwe maso anga amaona. Ndikalowa Loweruka masana, anthu amadzadza pa kona ya zodzoladzola ya Sephora ndi pamzere wobweza katundu wa Amazon. Ku zovala za abambo ungayende mzere wonse osakumana ndi munthu, zikwangwani zotsitsa mitengo zili lendelende pa shelefu iliyonse. Malonda akhala akutsika zaka zingapo motsatizana. Mu March anadula dividendi, gawo la phindu lomwe amapatsa eni masheya pa sheya iliyonse, kuchoka pa masenti 50 kufika pa 12.5 pa miyezi itatu iliyonse. Mu May anachotsa bwana wamkulu, Ashley Buchanan, atangogwira miyezi yochepa. Dzulo palibe chomwe chinasintha m'shopu muja. Chinasintha ndi phokoso la pa Reddit, webusayiti yomwe anthu amachezerapo, basi.

Yamikani (Coventry), 11:32
Komatu akuluakulu tisamangoopsezana. GameStop, mashopu a magemu a ku America, mu January 2021 inachoka pansi pa $20 nkufika $483. Dillard's, yomwenso ndi mashopu ngati omwewa, mu 2020 inagwa mpaka cha m'ma $20 anthu nkumati yatha, lero ili pamwamba pa $400. Ma short seller nawo amaphonya. Tikamangotumiza ndalama kumudzi, kwacha nkumagwa ngati mmene inagwera ndi 44% mu November 2023, tidzakalamba tilibe kanthu.

Ankolo a ku Luton, 12:15
Yamikani, za kwacha ukunena zoona, ndipo sindikuletsa munthu kugula masheya. Inenso ndili nawo. Koma popeza watchula omwe anapulumuka, ndilole nditchule wa pakhomo pathu pano.

Amene munabwera ku UK isanafike 2021 mukuikumbukira Debenhams. Shopu ya kalekale, chiyambi chake ndi 1778. Ambiri a ife masuti a ukwati ndi zikwama zopita nazo kumudzi tinagula kumeneko. Mu 2003 inagulidwa ndi makampani a ndalama, ndipo pomwe amaibwezera pa msika wa London mu 2006, pa 195p sheya imodzi, inali itasenza ngongole yaikulu, nyumba zake zambiri zitagulitsidwa, ikulipira lendi pa mapangano a zaka zambirimbiri. Pofika 2018 inali m'gulu la makampani omwe ma short seller anaunjikana kwambiri mu London. Mu October chaka chimenecho inalengeza kuti yaluza pafupifupi £500 miliyoni. Mtengo unatsika kufika pa makobidi ochepa, ndipo anthu ankati shopu ya zaka 240 singafe, yatchipa, tigule.

Mu April 2019 inalowa mu administration, kutanthauza kuikidwa m'manja mwa oyang'anira apadera italephera ngongole, eni ngongole nkuitenga. Eni masheya sanapeze ngakhale 1p. Ndipo si anthu wamba okha. Mike Ashley wa Sports Direct anali ndi pafupifupi 30% ya kampaniyo, munthu wodziwa malonda a mashopu kuposa tonse pagulu pano, wokhala ndi maloya ake, ndipo zonse zinapita. Chimene chimasokoneza anthu nchakuti tsiku lotsatira mashopu anatsegula monga mwa masiku onse, magetsi akuyaka, matilu akulira. Shopu ikhoza kukhala yamoyo sheya yako itafa kale. Kampani ikagwa pamakhala mzere: mabanki patsogolo, kenako ena onse omwe ili nawo ngongole, mwini sheya kumapeto kwenikweni, ndipo kawirikawiri akamafika m'mphika mulibe kanthu. Boohoo, kampani yogulitsa zovala pa intaneti, inadzagula dzina ndi webusayiti pa £55 miliyoni mu January 2021, mashopu omaliza nkutsekedwa mu May.

Ma short seller aja sanali amisala. Anali atawerenga mabuku a kampani. Ukamva kuti theka la masheya labwerekedwa, dziwa kuti pali anthu ambiri a ndalama omwe akhala pansi nkuona kuti zinthu sizili bwino. Akhoza kuphonya, inde. Koma iwe ukubetcherana nawo ndi malata a mayi ako.

Amayi a Tadala (Leeds), 12:40
Ine ndinene zanga, sindichita nazo manyazi. Zaka zapitazo ndinaika £900 mu kampani ina ya mashopu a zovala, dzina ndisatchule. Inali ndalama yanga ya chipereganyu, ndinadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti ifike nthawi yanga. Mtengo utatsika ndinawonjezera £300 poti atchipa. M'mawa wina pa basi ndikutsegula app, pamalo pa mtengo palembedwa kuti suspended. Batani logulitsira lachita imvi, kulidina osatheka. Ndinatsika pa siteji yolakwika tsiku limenelo. Mwezi womwewo sukulu fizi ya mwana wa mchemwali wanga ku Zomba ndinachita kukongola.

Chikondi (Leicester), 15:05
Pepani amayi. Ndadzuka tsopano, ndawerenga zonse kawiri. Koma ndinamva kuti kuno ndalama ya mu app imatetezedwa mpaka £85,000?

Ankolo a ku Luton, 15:18
Imeneyo ndi FSCS, ndondomeko ya kuno ku UK yobwezera makasitomala a makampani a zachuma, ndipo imagwira ntchito ngati kampani ya app yomwe ikukusungira masheya yagwa. Masheya ukasankha wekha nkutsika, palibe amene amakubwezera.

Chinanso, yang'anitsitsa akaunti yomwe mnzakoyo akugwiritsa ntchito. Ma app ambiri ali ndi mbali ya CFD. Kumeneko sugula sheya, umangobetcha pa mtengo ndi ndalama yobwereka, ndipo kugwa kwa ngati dzulo kukhoza kupukuta zonse usanaweruke. Iwo eni amalemba chenjezo pansi kuti ambiri mwa makasitomala awo amaluza. Liwerenge, lili m'zilembo zing'onozing'ono.

Yamikani (Coventry), 15:31
Apo ndikuvomereza, CFD ayi. Chikondi, ngati mtima ukukanabe, tsegula Stocks and Shares ISA, akaunti ya kuno ku UK yosungiramo masheya, amafuna National Insurance number yako. Malire ndi £20,000 pa chaka ndipo phindu la mmenemo HMRC, bungwe la misonkho la kuno, sidula msonkho. Pa masheya a ku America akupatsa fomu ya W-8BEN, usaidumphe, imatsitsa msonkho wa dividendi kuchoka pa 30% kufika pa 15%. Onanso zomwe amadula posintha mapaundi kupita ku madola, amadula pogula ndi pogulitsa pomwe. Ine ndinaika £100 yokha mu Kohl's, ndalama ya ovataimu ya Lamlungu limodzi. Yambiri ndimaika mwezi ndi mwezi mu fandi yomwe ili ndi makampani mazanamazana.

Asisi a ku Indiana, 15:44
Ndipo malipoti a Kohl's a miyezi itatu amatuluka kumapeto kwa August. Ofuna kudziwa ngati shopu ikuchira adikire amenewo, aone malonda ndi ngongole. Ndidzaika pano akatuluka.

Amayi a Tadala (Leeds), 15:52
Chikondi, mvula ku Dowa imayamba November. Mmisiri wamupeza kale?

Chikondi (Leicester), 16:10
Alipo amayi, akungodikira malata ndi misomali. Ndawaimbira achimwene kuti mawa akafunse mtengo wa 28 geji ku Lilongwe, nditumiza Lachisanu ndikalandira. Achimwene Yamikani, ndikuimbirani Loweruka mundionetse katsegulidwe ka ISA ija, ndiyamba ndi £50.