Nyika, Livingstonia kenako Likoma pa holide ya Ogasiti: Sienta ingakwanitse?

Nachisale_Luwinga

Moni nonse. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza koma ntchito inandibweretsa kuno ku Mzuzu. Chaka chino ine ndi bambo a kunyumba tagwirizana kuti pa holide ya Ogasiti tisapite kumudzi, m'malo mwake tikawaonetseko ana dera lino. Wamkulu ali Fomu 2, za Nyika ndi Livingstonia amangoziloweza pokonzekera mayeso pomwe malowo ali pafupi pompano.

Maganizo athu ndi otere: tinyamuke pa Mzuzu kupita ku Chelinda, malo ogona alendo m'paki ya Nyika, kuchoka kumeneko titsikire ku Livingstonia, kenako titsate gombe la nyanja mpaka ku Nkhata Bay n'kuwolokera ku Likoma ndi Chizumulu. Galimoto yathu ndi Sienta. Kodi ingafike? Nanga pa Ilala amalola kukweza galimoto? Apongozi anga aakazi nawonso akuti sakutsala, koma mawondo amawavuta. Amene munayendako tithandizeni, tisakaone zakuda ndi ana m'tchire.

Chigubu_wa_ku_Chibavi

Mayi, ine ntchito yanga ndi yonyamula anthu ndi katundu m'misewu imeneyo, ndiye ndiyambe ndi pamene mapu akunamizani. Chelinda ndi Livingstonia n'zoyandikanadi, koma pakati pake palibe msewu wa galimoto. Chilipo ndi kanjira ka miyendo komwe alendo amayenda masiku atatu, ali ndi wowaperekeza wa mfuti. Inu a galimoto mudzatulukira pomwe munalowera, pa geti ya Thazima, n'kubwereranso ku Rumphi. Kumunsi nakonso n'chimodzimodzi. Kuchoka pa Chitimba palibe msewu wotsata gombe mpaka ku Nkhata Bay, chifukwa pamenepo mapiri amakathera m'madzi mwenimwenimo, n'chifukwa chake anzathu a ku Ruarwe amadalira boti. Mudzakwera Chiweta, mudutse Phwezi ndi Ekwendeni, mulowenso mu Mzuzu muno, ndiyeno muzitsika ku Nkhata Bay pa M5, mtunda wosakwana makilomita 50. Choncho awa ndi maulendo awiri, wa kumapiri ndi wa kunyanja, ndipo pakati pake mudzagona pabedi panu ku Luwinga. Zimenezi zikukomerani, chifukwa katundu wa maulendo awiriwa ndi wosiyana kotheratu.

Tsopano za Sienta. Mpaka pa Rumphi boma ikafika bwinobwino, ndi tala yekhayekha: M1 mpaka pa Bwengu, kupatukira kumanzere, kudutsa pa mlatho wa Njakwa pomwe South Rukuru anang'amba phiri. Vuto liyamba kutsogoloko. Kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pa Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, gawo lalikulu fumbi, ndipo mukalowa pageti mwatsala ndi ena 60 kuti muone denga la Chelinda. Mu Ogasiti matope kulibe, koma kuli timizere topingasa msewu tomwe timakupetani ngati ufa pa sefa, kuli miyala yotuluka pakati pamsewu, kuli ngalande zomwe mvula inakumba. Sienta ndi yogwada kwambiri. Mukaikamo anthu asanu, chakudya ndi mabulangete, mimba yake izikhula pansi, ndipo sampu ikaboola kumeneko palibe galaja. Ndaonapo tigalimoto ting'onoting'ono titafika, sindikana, koma eni ake amakhala atayenda theka la njira wapansi kutsogolo kwa galimoto akuchotsa miyala. Bwerekani kapena chitani hayala galimoto yaitali miyendo. Mukagawana mtengo ndi banja lina sizipweteka kwambiri.

Mafuta dzazani muno mu Mzuzu, muwonjezere pa Rumphi ngati alipo, mutengenso chigubu chodzaza. Mtunda umamwa mafuta kuposa momwe munazolowerera, ndiponso mukafika mudzafuna kuzungulira m'pakimo. Masipeya akhale awiri, pampu, jeke ndi kathabwa koikira jekeyo pansi pofewa. Nyamukani kusanache. Ulendowu umadya maola asanu kapena kuposa, ndipo dzuwa likamalowa geti amatseka. Musaiwale ziphaso za unzika, Amalawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja. Penapake msewu umayenda m'malire enieni a Zambia, koma pasipoti safunsa.

Mwati ndinu a ku Dedza, ndiye mwina mukuganiza kuti kuzizira mumakudziwa. Chelinda ali pamtunda wopitirira mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira pang'ono 2,600. Mu Juni ndi Julaye udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo Ogasiti sasiyana nawo kwenikweni. Apongoziwo muwatengere chipewa cha ubweya, masokosi ndi bulangete lawolawo. Nyumba zogona zili ndi pokolezera moto, ndipo zina mumabwera ndi chakudya chanu n'kumaphika komweko, ndiye ufa, mpunga, ndiwo ndi makala a pa mbaula mugulire kuno. Netiweki ndi yosadalirika, malo ogona mulipiriretu musananyamuke.

Koma mukangotuluka m'nkhalango ya kumunsi n'kufika pamwamba, muiwala zonsezi. Mitengo imatha mwadzidzidzi, kutsala zitunda za udzu zotsatizana mpaka pomwe maso alekezera. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa onse m'dziko muno. Ubwino wake kwa apongozi ndi woti nyama amaziona atakhala m'galimoto, popeza palibe tchire lozibisa: mbidzi, chilembwe, nchefu, mphoyo, njiri. Madzulo yendani pang'onopang'ono m'mbali mwa mitengo ya paini ya pa Chelinda, akambuku amakonda pamenepo. Anawo apite nawo ku dziwe la Kaulime ndi ku mathithi a Chisanga, ngakhale ku Chisanga kuli kotsetsereka kwa miyendo, agogo adikire pamwamba. Chomwe simudzaona mu Ogasiti ndi maluwa. Mitundu ija yoposa 200 yomwe Nyika amatchuka nayo imaphuka nthawi ya dzinja, cha mu Januwale ndi Febuluwale, pamene msewu wake ngakhale ife timayamba tapemphera.

MwanaWaPaChipyela

Anachisale, za galimoto pa Ilala ingoiwalani. Ngakhale mutaiwolotsa mukaitani? Likoma kutalika kwake ndi makilomita 8 okha, timayenda wapansi kapena pa njinga zamoto za kabaza.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi: musayambe mwasankha tsiku lopita ku Nyika. Yambani mwadziwa tsiku la sitima, masiku enawo muwakonze mozungulira limenelo. Nyika sathawa, mukhoza kupita Lachiwiri kapena Lachisanu. Koma Ilala imayenda kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba n'kubwerera kamodzi pa sabata, ndiye yochoka pa Nkhata Bay kulowera kwathu ndi imodzi pa sabata, yobwerera nayonso imodzi. Mukaiphonya ndi sabata yathunthu imeneyo. Pitani nokha pa jeti ku Nkhata Bay mukafunse ndandanda ya mwezi umenewo, si patali, musadalire zomwe wina analemba pa Facebook chaka chatha. Pali masitima ena ang'onoang'ono omwe amawolokanso, mukafunse komweko masiku ake. Ndipo pobwerera musiye masiku angapo opanda kanthu sukulu isanatsegulire, chifukwa nthawi yonyamuka padoko lililonse imatengera kuchuluka kwa matumba a usipa, chimanga ndi simenti omwe akukweza ndi kutsitsa.

Ogasiti ndi nthawi ya mwera. Mphepoyi imachokera kumwera, imayamba cha mu Meyi, ndipo pofika pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba imakhala itayenda mtunda wautali pamadzi, mafunde atakula. Ilala ndi yachitsulo, yakhala ikulimbana ndi mwera kuyambira 1951, koma anthu amasanza ndithu. Anawo asadye zamafuta musanakwere, mutenge malo a pamwamba pomwe pali mphepo, ndipo apongozi muwalipirire kachipinda kogona ngati thumba likulola. Chomwe ndikukuletsani ndi maboti a matabwa odzaza katundu omwe ena angakunyengerereni kuti ndi achangu. Nthawi ya mwera, ndi ana, ayi.

Za mawondo a apongozi muganizire bwino. Pa Chizumulu sitima imaima patali, anthu amatsika pa makwerero kulowa m'boti laling'ono lomwe likuvina ndi mafunde, nthawi zambiri usiku, kenako kugombe mumaponda m'madzi. Anyamata amathandiza, agogo ambiri kwathu amakwera ndi kutsika chomwecho, koma iwo anakulira momwemo. Ine ndikanati Chizumulu muchione muli m'sitima pamene ikutsitsa anthu, mukatsikire ku Likoma. Chizumulu ndi chokongola, chabata kuposa kwathu, koma mukatsika pamenepo ndiye kuti kuwolokera ku Likoma mudzadalira boti laling'ono, ndipo tabwereranso ku nkhani ya mwera ija.

Mukafika, tchalitchi cha St Peter's musakachione Lachitatu masana chili chopanda anthu. Pitani Lamulungu m'mawa mukamve kuimba. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anafika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, tchalitchi anayamba kumanga mu 1903 ndipo anachipatula mu 1911. Malo ake ndi pa Chipyela, pomwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mwana wa Fomu 2 uja akaime pakhomo ayang'ane kutalika kwake, kenako aganize kuti pachilumba pouma chonchi zipangizo zambiri zinkabwera pamadzi. Mpaka lero nkhuni zambiri timagula kwa anzathu a ku Mozambique, ndipo mapiri mukawaone kum'mawa, pafupi kwambiri, ndi a kwawoko, ku Cobue. Zilumba zonse ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique ngakhale ndi za Malawi, ndipo Likoma inakhala boma palokha mu 1999. Kwinako ndi malambe, mchenga ndi madzi oti mukuona zala zanu za kumiyendo. Mukadyeko kondowole ndi batala wootcha. Ndalama tengani zapamanja zokwanira, ndipo maneti a udzudzu musasiye, kuno si ku Nyika.

Wa_Khondowe_1894

Achimwene a Chigubu afotokoza bwino, koma Livingstonia angoilumpha. Mukatsika ku Nyika n'kufika pa Njakwa, pali msewu wokwera ku Livingstonia kuchokera mbali imeneyo, wosatsetsereka kwambiri. Dzerani umenewo. Wina asakunamizeni kuti mutsikire ku Gorodi kuti mukafike msanga pa Chitimba. Gorodi ali ndi makona 20 okhota ngati chigongono, ena ofunika kubwerera m'mbuyo kaye kuti galimoto ikhote, mbali inayo kuli phompho. Ngati bambo a kunyumba sanayendepo, asaphunzirire pamenepo ali ndi amayi awo m'galimoto. Kukongola kwa nyanja komwe anthu amakufuna pa Gorodi mudzakuona muli chiimire pamwamba.

Mwanayo akaone Stone House, nyumba ya Dr Robert Laws yomwe pano ndi yosungiramo zinthu zakale. Mishoni inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, malungo atawasautsa konseko ndiye anakwera ku Khondowe, komwe ndi Livingstonia ya lero, mu 1894. Pabwalo pafupi ndi nyumbayo pali mawu oti Aefeso 2:14 olembedwa pansi. Mu 1959, nthawi ya State of Emergency, boma la atsamunda linatumiza ndege kudzafunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuwasamutsa, ndipo yankho lawo linali vesi limeneli, loyalidwa pansi kuti a m'ndege awerenge: sakuchoka. Mathithi a Manchewe ali pafupi, madzi amagwa mamita 125, ndipo kuseri kwake kuli phanga lomwe Aphoka ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Ana muwagwire dzanja, m'mphepete mwake simuseweredwa.

Pomwe ndikusiyana ndi nonse ndi pa mwezi. Ine ndikanati Nyika ndi Livingstonia mupite mu Ogasiti momwemo, koma Likoma mudikire Okutobala pamene nyanja yagona.

Nachisale_Luwinga

Yewo chomene nonsenu, monga amanenera eni dera. A Khondowe, Okutobala ndili m'kalasi ndi choko m'manja, ndiye sizitheka. Tapangana chonchi: Loweruka likubwerali bambo apita ku Nkhata Bay kukafunsa za sitima, ndipo tidzasankha sabata yomalizira yomwe ingatisiyire mpata sukulu isanatsegulire, mwina mwera udzakhala utayamba kufooka. Ku Nyika tipita koyambirira kwa holide ndi banja lina la kutchalitchi kwathu lomwe lili ndi Hilux. Apongozi nditawawerengera za makwerero ndi boti lovina anena okha kuti iwo mbidzi ziwakwanira, kunyanja atsala ndi wamng'ono. Chizumulu tichiona tili m'sitima.

Funso lotsala: Sienta tingaisiye pati ku Nkhata Bay masiku onsewo, poti ikhale yotetezeka?

Chigubu_wa_ku_Chibavi

Malo ogona alendo ambiri kumeneko amasunga galimoto mukawalipira kangachepe, makamaka ngati mwagonako usiku umodzi. Koma mayi, mukuvutikiranji? Isiyeni mumpanda kwanu ku Luwinga komwe apongozi aziyiona pawindo. Pa depoti ma Sienta opita ku Nkhata Bay ali mbwee kuyambira m'mawa, ola limodzi mwafika. Pobwera sitima ikakutsitsani pakati pausiku mutatopa ndi mafunde, bambo sadzafunanso kugwira chiwongolero pa makona okwera ku Mzuzu aja, nkhungu itatseka msewu.