Kodi mankhwala ogonetsa pa opaleshoni ndi amene amachititsa kuti munthu adzuke ndi ululu waukulu?

Amake Dalitso, Chilenje:
Moni nonse. Ndili ndi zaka 41, ndimagulitsa salaula ku msika wa Soweto. Mwezi wamawa andichita opaleshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero, ndipo tulo sindikuona. Mpeni sindikuuopa, ndikuopa kudzuka. Mu 2017 anandichotsa apendikisi, ndinadzuka ndikukuwa, m'mimba ngati muli makala amoto. Ndinasanza usiku wonse, ndipo ndikati ndisanze chilonda chinkakoka. M'mawa mwake thupi lonse linaphwanya, mapewa ndi khosi, ngati ndasenza mabelo atatu, kummero kukuwawanso. Mng'ono wanga anamuchita ya chophukacho chaka chatha. Akuti anamubaya mankhwala oyera ngati mkaka, madzulo anali kumwa tiyi akucheza. Ine ndimangokumbukira chophimba kumphuno. Kodi ndingapemphe oyerawo? Kodi ndi amene amachepetsa ululu?

Agogo a ku Matero:
Mwana wanga, ndinagwira ntchito ya unamwino ku fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni) zaka zambiri ndisanapume. Oyerawo ndi propofol. Amabaya mumtsempha, amawotcha pang'ono pamkono, usanamalize kuwerenga wagona kale. Mwina iwenso unalandira omwewo, chifukwa chophimba chija nthawi zambiri chimayamba ndi okosijeni chabe. Munthu akagona m'pamene amasankha chomugoneka nacho mpaka ntchito ithe: mpweya wa isoflurane kapena sevoflurane (m'masiku athu inali halothane), kapena kupitiriza propofol ndi kamakina. Kuwawa kwa kummero kuja n'chifukwa cha paipi yopumira imene amalowetsa munthu akagona. Kuphwanya kwa mapewa ndikukayikira suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu kuti paipi ilowe msanga, omwe amawakonda pa opaleshoni zadzidzidzi ngati yako ija. Amasiya minofu ikuwawa masiku angapo. Komanso usadziyerekeze ndi mng'ono wako. Chophukacho chokonzekera ndi apendikisi yotupa kale ndi mabala osiyana.

Wogonetsa wa ku Kabwata:
Amayi, agogo anena zoona. Iyi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, choncho ndiwonjezereko. Pa kusanza mulibe mkangano: amene wagonekedwa ndi propofol mpaka kumapeto amasanza mochepa kusiyana ndi wa mpweya. Pa ululu ndiye ofufuza sagwirizana. Ena anapeza kuti a propofol amamva bwinoko maola oyambirira, ena sanapeze kusiyana, ndipo pamene kunapezeka kunali kochepa. Propofol ndi mpweya ntchito yake ndi kugoneka, sizipha ululu. Zikatha m'thupi, chilonda chimayamba kulankhula ngati sitinachikonzekere.

Mmene mudzadzukire zimadalira zimene timapereka mudakali m'tulo. Morphine kapena pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu, aperekedwe opaleshoni isanathe, osadikira kuti muyambe mwalira. Paracetamol ndi diclofenac akawonjezedwa, morphine amafunika wochepa, ndipo n'zabwino chifukwa morphine yemweyo amasanzitsa. Dokotala wong'amba akhoza kubaya bupivacaine m'mbali mwa chilonda asanasoke, malowo amachita dzanzi maola angapo. Ketamine, mankhwala enanso ogonetsa, akakhala wochepa kwambiri amathandizanso pa ululu. Palinso remifentanil, wopha ululu wamphamvu koma wotha m'mphindi zochepa, amene akachuluka munthu amadzuka akumva kuwawa kuposa mmene akanamvera. Opaleshoni ya m'munsi mwa mchombo nthawi zina imatheka ndi jekeseni wa pamsana, malinga ndi kukula kwa zotupa ndi kutalika kwa ntchito.

Kupempha n'kololedwa, koma si fiyeta iliyonse ili ndi kamakina ka propofol. Chimene sindifuna muiwale ndi ichi: munthu wamkazi, wosasuta, amene anasanzapo pa opaleshoni kapena amasanza m'basi, ali pachiopsezo chosanzanso. Mukatiuza timapereka mankhwala oletsa kusanza, ondansetron ndi dexamethasone, musanadzuke. Tiuzeninso ngati muli ndi mphumu, vuto la impso kapena zilonda za m'mimba, chifukwa diclofenac sagwirizana nazo.

Bambo Tembo, Mtendere:
Ine ketamine ndimamudziwa. Ndinathyoka mwendo pa ngozi ya njinga yamoto pafupi ndi Chongwe, anandigoneka ndi ameneyo powongola fupa. Ululu sindinaumve, koma ndinalota denga likundigwera, mawu a anamwino akumveka kutali ngati ndili m'chitsime. Amayi, mufunse bwino asanakupatseni.

Wogonetsa wa ku Kabwata:
A Tembo, pepani, malotowo amachitikadi, makamaka kwa akuluakulu, ketamine akakhala ndiye wogonetsa. Mlingo umene ndikunena ndi kachigawo kakang'ono ka umenewo, wopatsidwa munthu atagona kale.

Amake Dalitso, Chilenje:
Zikomo kwambiri nonse. M'basi ndimasanzadi, ulendo wa ku Chipata ndimayenda ndi pulasitiki m'manja, ndipo zilonda za m'mimba ndinadwala zaka ziwiri zapitazo. Sindinkadziwa kuti zimenezi n'zofunika kunena. Mu 2017 ndinapirira mpaka m'bandakucha osaitana aliyense, poopa kuoneka wovuta. Agogo, kodi ndikafika ndi pepala la mafunso sadzati ndikuwaphunzitsa ntchito?

Agogo a ku Matero:
Ayi mwana wanga, pita nalo. Wogonetsa amabwera kudzakuona usanalowe, ndipo mafunso ake ndi omwewo. Ulembe za kusanza, za zilonda, za kuphwanya kwa thupi, ndi mankhwala onse amene umamwa, azitsamba omwe. Ukadzuka akadzakufunsa kuti ululu uli pati kuyambira 0 mpaka 10, unene nambala yeniyeni, usachepetse. Ululu umagonja msanga ukadali waung'ono, ndipo wodwala amene sakumva kuwawa amatsokomola bwino, amayenda msanga, chifuwa sichidzaza. Amene adzakudikirire umuuze kuti akaona ukubuula apite kukaitana namwino ngakhale pakati pa usiku.