Mawu a Chingelezi okhala ndi "ough" andizunguza mutu

Abale anga, ndithandizeniko. Mwana wanga ali Sitandade 7 ndipo dzulo anabwera ndi mawu awa: though, through, tough, cough ndi thorough. Onsewa ali ndi zilembo "ough", koma katchulidwe kake n'kosiyana ngati si apachibale. Cough ndikudziwa kuti ndi kutsokomola, tough ndi chinthu cholimba, through ndi kudutsa mkati. Amene andigonjetsa ndi though ndi thorough, makamaka though akamuika kumapeto kwa chiganizo. Kodi tanthauzo lake limasintha akakhala pamenepo? Ife a Chichewa tinazolowera kuwerenga mawu momwe alembedwera, ndiye izi n'zachilendo. Inu aphunzitsi, pali lamulo loti mwana aligwire, kapena n'kungoloweza liwu lililonse palokha?