Mzere woyamba wa imelo yotsatsa malonda uzinena chiyani, ndipo munthu akakhala chete ndimukumbutse kangati?

NaSola:

Moni nonse. Ndikufuna thandizo pa imelo zopita kwa anthu amene sanandimvepo. Malonda ake ndi a sola: mapanelo, ma inverter ndi mabatire. Amene ndikufuna kuwafikira ndi eni maloji a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, komanso masukulu omwe si aboma. Imelo yanga imayamba chonchi: "Okondedwa Bwana/Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ife ndife kampani yodziwika bwino yogulitsa zipangizo za sola." Kenako pamabwera mndandanda wa katundu ndi katalogi ya PDF. Mayankho sakubwera. Mzere woyambawu uzinena chiyani? Moni ndimuchotse? Nanga munthu akapanda kuyankha ndidikire masiku angati, ndipo ndilembe chiyani kuti zisaoneke ngati ndikumukakamiza?

Kamtedza:

Achemwali, musanasinthe liwu lililonse, dzitumizireni nokha imeloyo muione pa foni musanaitsegule. Pa Gmail kapena Outlook ya pa foni pamaoneka zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu, ndi kachidutswa ka mawu oyamba. Mutu umadulidwa zilembo zikafika pafupifupi 35 kapena 40, ndipo kachidutswa kaja ndi mzere umodzi, pena iwiri. Ndiye manejala wa loji akuona "Okondedwa Bwana/Mayi, ndikhulupirira muli bw" basi. Kamalo kamene mukanamupatsirapo chifukwa chotsegulira katha ndi mawu amene amalandira kwa aliyense.

"Bwana/Mayi" akumuuza kuti simukumudziwa ndipo mwatumizira anthu ambiri. Dzina limapezeka mosavuta. Imbani pa risepishoni mufunse kuti, "Za magetsi ndi jenereta amayang'anira ndani, ndipo imelo yawo ndi iti?" Pa loji yaing'ono amakhala mwiniwake kapena manejala, pa sukulu ndi mwini sukulu, mphunzitsi wamkulu kapena wosunga ndalama. Adiresi yoyamba ndi info@ nthawi zambiri imawerengedwa ndi wolandira alendo, amene ntchito yake ndi kusungira anthu zipinda, osati kugula mabatire.

Tsono chiganizo choyamba chikhale cha iwo, osati cha inu. Chimachokera pa chimene mwaona ndi maso anu pa bizinesi yawo:

"Mayi Uje, ndaona pa Facebook kuti mwatsegula zipinda zinayi zatsopano zokhala ndi mafani ndi timafiriji. Magetsi akazima usiku, zimenezi zikuyendera jenereta?"

Kapena chichokere pa munthu amene wakulozerani, ndipo iyi ndiyo njira yamphamvu kuposa zonse chifukwa kwathu kuno anthu amagula kwa munthu amene wina wamuchitira umboni:

"Bambo Uje, dzina lanu ndapatsidwa ndi a Uje a ku Senga Bay, amene tinawaikira mabatire chaka chatha."

Koma yambani mwapempha chilolezo kwa mwini dzinalo. Wolandira imelo angathe kuwaimbira, ndipo akayankha kuti "sindikudziwapo kanthu," khomo limenelo latsekeka.

Njira ina ndi nyengo. Kwa sukulu, lembani mu Julayi kapena Ogasiti za teremu yotsegulidwa mu Seputembala ndi magetsi a nthawi ya sitade ya madzulo. Kwa loji, lembani kutentha kwa Okutobala kusanafike, pamene mafiriji ndi mafani amagwira ntchito usana ndi usiku.

Muyeso wake ndi uwu: ngati chiganizo chanu choyamba chingatumizidwe ku loji ina osasintha liwu ngakhale limodzi, chilembeninso. Pambuyo pake chiganizo chimodzi chonena chimene mumachita, kenako funso limodzi losavuta kuyankha. Imelo yonse isapitirire mawu 100 kapena 120. Katalogi isiyeni kaye. Munthu amene sanavomere kuti ali ndi vuto sangatsegule PDF ya masamba 20 pa bandulo yake.

Nangozo:

Zambiri zimene anena a Kamtedza ndikugwirizana nazo, koma pa moni tisapitirire malire. Upangiri wambiri wa pa intaneti umati lowani pa nkhani nthawi yomweyo. Kwa mkulu wa sukulu ya mishoni, kwa abusa kapena asisitere amene amayendetsa sukulu, imelo yopanda moni imamveka ngati munthu walowa m'nyumba osaodira. Chofunika ndi kuufupikitsa, osati kuuchotsa. "Moni Mayi Uje," ndi mawu atatu okha, ndipo pa foni nkhani yeniyeni ikuonekabe pambuyo pake. Zofunsana za umoyo wa kunyumba zidzabwera mukadziwana.

Samalani ulemu wa munthu. Ngati ndi Dokotala, Abusa kapena Sisitere, lembani choncho. Musatchule dzina loyamba la munthu amene simunakumanepo naye, ndipo dzina la bambo ake mulilembe molondola monga amalilembera mwiniwake. Kulakwitsa chilembo chimodzi pa dzina kumawononga zambiri kuposa chiganizo chosakoma.

Pali mawu ena amene timawaona ngati ulemu koma amakutsitsani: "Pepani pokusokonezani," "Chonde tiganizireniko," "Tikupempha mutipatseko bizinesi." Simukupempha chithandizo. Mwabweretsa njira yoti alendo awo asagone mu mdima, choncho lankhulani ngati munthu wodziwa ntchito yake. Kutamanda kopanda maziko nakonso kumaonekera patali. "Loji yanu yokongola kwambiri" aliyense angalembe; "zipinda zanu za kugombe zili patali ndi nyumba ya jenereta" angalembe yekhayo amene wayang'anadi.

Za chilankhulo: makalata ambiri a bizinesi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo maloji ena a kunyanja eni ake ndi ochokera kunja. Ku Nkhata Bay ambiri kwawo ndi Chitonga kapena Chitumbuka, ku Mangochi Chiyao. Kwa munthu wosamudziwa yambani m'Chingerezi, kamangidwe kake n'komweka. Akayankha m'Chichewa, mutsatireni.

Mutu wa imelo ukhale waufupi ndipo unene zoona: "Mabatire a zipinda zatsopano" kapena "Magetsi a sitade ya madzulo." Zilembo zazikuluzikulu, mawu oti "ULERE" ndi zizindikiro zofuula zitayeni. Ndipo musaike "Re:" pa imelo yoyamba kuti munthu aganize kuti munalemberanapo kale. Adzatsegula, inde, koma adzadziwa kuti mwamunamiza musanamugulitse kanthu.

Mphepozinayi:

Ine ndiyankhe za kukumbutsa, chifukwa malonda ambiri amafera pamenepa. Munthu kukhala chete si kukana. Mwina imelo inafika Lachisanu alendo atadzadza, mwina anaiwerenga ali pa mzere ku banki n'kuiiwala.

Dongosolo losatopetsa ndi imelo zinayi zonse pamodzi: yoyamba, yachiwiri pakatha masiku atatu ogwira ntchito, yachitatu patatha sabata, yomaliza patatha masabata awiri. Zonse zilembedwe poyankha pa imelo yoyamba ija, kuti munthu aone nkhani yonse pamalo amodzi. Tumizani pakati pa Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Kumaloji mapeto a sabata ndi nthawi ya alendo, ndipo Lolemba amakhala akuwerengera za masiku apitawo.

Vuto lalikulu ndi mzere woyamba wa imelo yokumbutsa. "Ndimangofuna kukukumbutsani za imelo yanga" sukupereka chilichonse chatsopano. "Simunandiyankhe" ndiye ndi mlandu, ndipo munthu amene wachita manyazi amangopitiriza kukhala chete. Imelo iliyonse ibweretse kanthu kamodzi kamene sikanali mu yoyamba. Yachiwiri ingayambe ndi masamu:

"Mayi Uje, batire limodzi la lithium la 48V 100Ah limasunga pafupifupi 5 kWh. Mafani, magetsi ndi timafiriji zikamakoka 500W pamodzi, limakwana maola pafupifupi 8. Mukandiuza kuchuluka kwa zipinda, ndikuwerengerani zenizeni."

Yachitatu isinthe funso likhale lopepuka: "Kodi nkhani za magetsi zimadutsa kwa inu, kapena pali wina amene ndingamulembere?" Anthu ambiri amene sangayankhe za kugula amayankha funso ili, chifukwa yankho lake ndi dzina limodzi. Yomaliza itseke mwaulemu: "Ndikuona kuti ino si nthawi yake, ndiye ndilekera pano. Ndidzakufunseninso mvula isanayambe?" Mukanena kuti mwalekera pano, mulekedi.

Kukumbutsa pambuyo pa koteshoni ndi nkhani ina. Ngati munakumana kapena kulankhulana pa foni, lembani tsiku lomwelo, ndipo muyambe ndi mawu awo: "Monga munanenera, chofunika kwambiri ndi firiji ya kukhichini ndi pampu ya madzi." Pa koteshoni lembani masiku amene mtengo ugwire ntchito, 7 kapena 14. Zipangizo za sola zimachokera kunja, ndipo aliyense akukumbukira kuti kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inasintha nthawi yomweyo. Choncho kulemba kuti "Mtengo wa pa koteshoni yathu utha Lachinayi" ndi chifukwa choona cholemberanso, bola tsikulo likhale lenileni, osati loopsezera.

Masukulu akuluakulu ndi mabungwe kawirikawiri amafuna makoteshoni atatu komiti isanakhale pansi. Apa funso lothandiza si lakuti "mwaganiza bwanji," koma "Komiti yanu ikumana liti, ndipo pali chikalata chimene chikusowa?" Khalani ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA ndi setifiketi ya kampani pafupi, ndipo ngati ndi ofesi ya boma adzafunanso ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. WhatsApp igwiritseni ntchito kamodzi, imelo yachiwiri itapita: dzina lanu, chifukwa cholembera, ndi mutu wa imelo kuti aifufuze. Osatumiza uthenga wa mawu ojambula (voice note) kwa munthu amene sakukudziwani, ndipo osangolemba "Moni" n'kumadikira.

Chikungu_IT:

Ndiwonjezere mbali imene siyioneka. Mzere wabwino sugwira ntchito ngati imelo yagwera mu spam, kumene kumatayidwa imelo zosafunika. Ngati mumatumiza pa adiresi ya kampani yanu, uzani amene anakukonzerani webusaiti aike SPF, DKIM ndi DMARC, zinthu zotsimikizira kuti imelo yachokeradi ku adiresi yanu. Kuyambira mu Febuluwale 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza imelo zambirimbiri (kwa Google, zoposa 5,000 pa tsiku) akhale ndi zonse zitatu. Google imafunanso kuti anthu okudandaulirani kuti ndinu spam asafike 0.3 peresenti. Kuika maadiresi 50 pa BCC (malo obisa maadiresi a olandira), kumata mafayilo akuluakulu ndi kudzadza malinki ndi zimene zimakugwetserani kumeneko. Tumizani imodziimodzi, imelo 10 kapena 15 zolembedwa bwino pa tsiku n'zokwanira kwa munthu mmodzi.

Musadalire manambala osonyeza kuti imelo yatsegulidwa. Kuyambira 2021 pulogalamu ya Mail ya Apple imatha kutsegula zithunzi za mu imelo payokha, ndiye zimaoneka ngati munthu wawerenga pamene sanaione n'komwe. Werengani mayankho. Lembani mu Excel dzina, tsiku, mzere woyamba umene munagwiritsa ntchito, ndi yankho, kuti mudziwe mzere umene ukuyankhidwa.

Munthu akati musandilemberenso, mufufuteni tsiku lomwelo. Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2024, ndipo ngati mudzalembere makasitomala a ku South Africa, gawo 69 la lamulo lawo lotere la POPIA limalola kumufikira munthu amene si kasitomala wanu kamodzi kokha pomupempha chilolezo.

NaSola:

Zikomo kwambiri nonse. Ndalembanso chonchi: "Moni Bambo Uje, ndaona kuti sukulu yanu yatsegula hositelo ya atsikana. Timaika sola yoyatsa makalasi ndi mahositelo magetsi akazima. Kodi tingakumane sabata ino kuti ndikufotokozereni zonse zimene timagulitsa?"

Kamtedza:

Ziganizo ziwiri zoyambazo zili bwino. Chachitatu n'cholemera: mukupempha nthawi ya munthu amene sanakuuzeni kuti ali ndi vuto, ndiponso "zonse zimene timagulitsa" zabwezera nkhani kwa inu. Ikani ichi m'malo mwake: "Panopa magetsi akazima nthawi ya sitade, ana amawerengera chiyani?" Akayankha kuti matochi kapena jenereta, mu imelo yachiwiri mufunse kuchuluka kwa makalasi ndi mababu, ndipo zokumana muzitchule pamenepo. Pansi pa dzina lanu ikani nambala ya foni ndi tauni imene muli, chifukwa wa ku Mangochi adzafuna kudziwa kuti batire likavuta mubwera kuchokera kuti.