Sola ingayendetse pampu ya damu la nsomba usiku wonse?

Mlimi_waku_Lunzu:
Moni nonse. Ndili ndi kadamu ka simenti kuseri kwa nyumba, mamita 4 kwa 5, ndinaikamo makumba 300 osakaniza ndi chambo pang'ono. Vuto langa ndi loti chiyambireni kutenthaku mmawa uliwonse nsomba zimakhala zabwera pamwamba zikuyasamula kukamwa, zina zayamba kufa. Ndili ndi pampu yamadzi ya theka la hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya mota) yomwe ndimazunguzira madzi koma magetsi kuno amathima nthawi ina iliyonse, ndiye ndimaganiza zogula sola kuti pampuyo izigwira osadalira magetsi. Panelo ya mawati angati ingakwane? Batire ndi yofunikadi kapena nditha kulumikiza dairekiti? Ndalama zanga ndi zochepa, chonde amene munapangapo ndithandizeni.

AmayiNsomba_Domasi:
Achimwene pepani ndi nsomba zomwe zafazo. Musanagule kalikonse mvetsani kaye nthawi yomwe nsomba zikuvutikira. Masana ndere zija zobiriwitsa madzi zimapanga mpweya wabwino chifukwa cha dzuwa, ndiye masana damu limadzisamala lokha. Dzuwa likalowa ndere zomwezo zimayamba kulimbirana mpweya ndi nsomba, pofika mbandakucha mpweya watha mmadzi, nchifukwa chake mukuziona pamwamba mmawa. Komanso madzi otentha amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira, mu Okutobala ndi Novembala ndi momwe alimi ambiri amalira. Ndiye sola yolumikiza dairekiti siikuthandizani, izigwira nthawi yomwe simukuifuna nkuzima nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Batire simungaithawe.

Chinanso ndikuuzeni mosabisa, nsomba 300 pa malo a masikweya mita 20 zachuluka, ndi 15 pa sikweya mita imodzi imeneyo. Mmadamu okumba opanda pampu timaika zitatu mpaka zisanu basi. Patulaniko zikuluzikulu mudye kapena mugulitse lero lomwe, ndipo mmawa zikakhala pamwamba musaziponyere chakudya. Madeya otsala akamaola pansi nawonso amadya mpweya womwewo.

Tekinishani265:
Mayi anena zoona. Ine ndiyankha mbali ya magetsiyo poti ndi ntchito yanga. Bwana pampu yanuyo iiwaleni pa nkhani ya sola. Theka la hp ndi mawati pafupifupi 370, mukaiyatsa 10 koloko usiku mpaka 7 koloko mmawa ndi maola 9, mutaimusa zikupatsani ma watt hour (mawati kutaimusa ndi maola) opitirira 3,300. Batire ya 12V 100Ah (mavoti 12, ndipo Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire) imasunga ma watt hour 1,200 koma ya lead acid, ija ya asidi mkati, simuyenera kuikama kupitirira theka apo bii siichedwa kufa, ndiye kwenikweni muli ndi 600. Mungafunike mabatire ngati sikisi kuphatikizapo inveta yaikulu, chija chosintha magetsi a batire kukhala ngati a mnyumba, chifukwa mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kuposa olembedwa pa chitsulo paja. Ndalama imeneyo nsomba zake sizingabweze.

Chomwe mukufuna ndi pampu ya mpweya ya DC 12V, yoyendera magetsi ochokera ku batire dairekiti, zilipo za mawati 35 kapena kuyandikira pamenepo, imapopa mpweya kudzera mu timapaipi ndi timiyala totulutsa thovu pansi pa damu. Mawati 35 kwa maola 9 ndi ma watt hour 315 basi, batire imodzi ya 100Ah ikwana usiku wonse nkutsalako ena oti akusungeni tsiku la mitambo. Panelo ya mawati 150 kuno kwathu dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola 4 kapena 5 patsiku, kuchotsera zotayika mmawaya ndi mu kontilola (kabokosi kokhala pakati pa panelo ndi batire) mutsala ndi ma watt hour pafupifupi 500, yakwana kubwezeretsa. Ngati thumba lilola tengani ya 200 mupumule. Inveta sikufunikanso apa poti zonse ndi DC, ndipo inveta payokha imadya magetsi ngakhale isakuyendetsa kanthu. Kontilola ya 20A (ma amp 20) yomwe ili ndi taima pa load, polumikiza pampu paja, ndi yabwino, imayatsa yokha usiku, ndipo imadula batire ikatsika kwambiri. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, waya akhale wonenepa komanso wamfupi. Pampuyo ikhale pamwamba kuposa madzi, ikakhala mmunsi ikazima madzi amabwerera mu paipi nkulowa mkati. Batire ya galimoto ayi chonde, inapangidwira kulizira injini kamphindi osati kukamidwa usiku wonse, funsani ya deep cycle, yopangidwira kukamidwa maola ambiri.

Mlimi_waku_Lunzu:
Zikomo kwambiri mayi, zikomo bwana, zandimvekera. Ndiyamba ndi kupatula nsombazo. Nanga nthawi ya chiperoni mitambo ikakhala masiku angapo zikhala bwanji, si ndiye kuti batire ithera panjira? Komanso pampu yamadzi ija ndingoisiya?

Che_Mbewe_Thyolo:
Kuno ku Thyolo chiperoni ndi chathu, mu Juni ndi Julayi dzuwa limatha kusowa masiku otsatizana ndipo panelo imangotulutsa pang'ono. Koma mwayi wake nthawi imeneyo madzi amakhala ozizira, amasunga mpweya wambiri ndipo nsomba sizidya kwambiri, ndiye ine ndimafupikitsa taima, pampu imadzuka cha mma 2 koloko usiku mpaka kutacha. Chakudya ndimachepetsanso. Masiku oopsa kwenikweni ndi a mitambo nyengo yotentha mvula ikamayamba, ndere sizipanga mpweya wokwanira masana chonsecho madzi ndi ofunda, pamenepo mukhale tcheru ndipo muziona mmene batire yadzadzira madzulo aliwonse. Ikakhala yotsika thiraniko madzi atsopano mdamu, kapena tungani ndi ndowa nkumakhuthula kuchokera mmwamba, zimathandiza ndithu ngakhale nzotopetsa.

Pampu yamadziyo musaitaye, muziigwiritsa ntchito posintha madzi magetsi akakhalapo. Damu la simenti silimwa zoipa ngati lokumba ndiye kusintha madzi pafupipafupi nkofunika, madzi ochotsawo thirirani ndiwo zamasamba kudimba, muli manyowa abwino. Yesaninso kulowetsa mkono mpaka pachigongono, ngati chikhatho sichikuoneka ndiye kuti ndere zachulukitsa, siyani kaye kuthira manyowa a nkhuku.

Ineyo maganizo anga, pa damu laling'ono lasimenti ngati lanulo mlamba ndi omwe umayenera, uli ndi chiwalo chopumira mpweya wapamwamba ndiye supanikizika msanga ngati chambo, ungathe kuchulukana pamalo ochepa. Koma anthu pamsika amafuna chambo ndiye zili ndi inu. Panelo mukagula imangeni padenga ndi mabawuti olimba osaisiya pansi pafupi ndi damu, akuba amaikonda, ndipo muziipukuta fumbi nyengo ino chifukwa fumbi lokha limachepetsa magetsi ndithu.

Tekinishani265:
Kuonjezera pa za Che Mbewe, pogula panelo musangokhulupilira sitika ya kumbuyo, zina zimalembedwa 200 chonsecho ndi tating'ono. Ya mawati 150 yeniyeni imakhala yotalika kupitirira mita imodzi. Pitani ndi munthu yemwe ali ndi mita yoyezera magetsi akaiyeze padzuwa musanalipire, ndipo batire ayiyezenso, yatsopano yodzadza iyenera kuonetsa mavoti 12.6 kapena kuposera pang'ono.