Sewero la ana pa 3 Malichi: nkhani ya a Orton Chirwa

Achemwali a ku Limbe: Moni nonse. Paja tinagwirizana kuti tikakumana kumudzi pa 3 Malichi, ana achite sewero la a Orton Chirwa. Kwatsala masabata asanu, ana alipo 9, ndipo nthawi ndi mphindi 20 tisanadye nsima. Amalume, tiyalireni nkhaniyo mwandondomeko.

Amalume: Magawo akhale anayi. Loyamba likhale lalifupi. A Chirwa anabadwa mu 1919, kwawo kunali ku Nkhata Bay. Anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, n'kudzaphunzitsa ku Domasi. Zamalamulo anakamaliza ku Lincoln's Inn ku London mu 1958, ndipo anabwerera ali loya woyamba wachikuda m'Nyasaland. Gawo lachiwiri liyambe pa 3 Malichi 1959 pomwepo, tsiku limene bwanamkubwa Robert Armitage analetsa Nyasaland African Congress n'kumangitsa atsogoleri ake. A Chirwa nawo anamangidwa, koma anatuluka msanga.

Achimwene a ku Joni: Apa ndiye tisamale. Ana ambiri amati chipani cha Malawi Congress Party (MCP) anayambitsa ndi Kamuzu. Ayi ndithu. Anayambitsa ndi a Chirwa mu Seputembala 1959, pamodzi ndi anzawo monga a Aleke Banda, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo (lero ndi Gweru, ku Zimbabwe). Atatuluka pa 1 Epulo 1960 m'pamene a Chirwa anamusiyira utsogoleri. Mwana wosewera a Chirwa anyamuke pampando, Kamuzu akhalepo, popanda wolankhula. Anthu amva okha.

Azakhali: Zili bwino, koma pasapezeke wovala nsalu ya chipani chilichonse. M'banja muno aliyense ali ndi komwe amavota. Tikukumbukira munthu, si msonkhano wa kampeni.

Amalume: Mwanena zoona, azakhali. Gawo lachitatu ndi la kunyumba ya malamulo ku Zomba. Pa chisankho cha Ogasiti 1961 anasankhidwa kukhala phungu wa Nkhata Bay. Pamene dziko linkalandira ufulu pa 6 Julaye 1964 n'kuti ali nduna ya zachilungamo. Sipanathe miyezi itatu, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Zinkadandaula za tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kukweza Amalawi pa maudindo, ndi ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Mu Seputembala 1964 Kamuzu anachotsa a Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, ndipo a Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Chokani anatula pansi udindo. A Chirwa anathawira ku Tanzania.

Mzime: Amalume, mayina onsewa ana asokoneza. Ndilemba dzina lililonse pa katoni, azikoloweka m'khosi. Nanga tiki ndiwafotokozere bwanji?

Amalume: Inali mapeni atatu. Mwana mmodzi akhale mayi wobereka mwana kumbuyo, wabwezedwa pazenera la chipatala chifukwa alibe tiki. Zikwanira.

Alamu: Gawo lachinayi tilipatse mphindi 8, chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepo. Pa 24 Disembala 1981 a Chirwa, akazi awo a Vera ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa. Iwo ankati anawabera kum'mawa kwa Zambia, boma linkati anawagwira ali m'Malawi muno. Mlandu woukira boma sunapite ku High Court, unapita kubwalo la mafumu la chigawo cha kumwera, ku Soche. Kubwalo limenelo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Choncho musaike mwana woti akhale loya wa a Chirwa, kumeneko n'kunamiza anthu. Munthu amene anali nduna ya zachilungamo anadziyankhira yekha, a Vera nawo chimodzimodzi, ndipo mboni za kunja zomwe anapempha zinakanidwa. Mu Meyi 1983 anawagamula kuti anyongedwe. Apilo inakanidwa, koma maiko ndi mipingo atadandaula, mu 1984 chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse.

Achemwali a ku Limbe: Ndiye wigi ndi mkanjo wa uloya avale liti?

Alamu: Gawo loyamba lokha. Pofika gawo lachinayi zikhale zopachikidwa pamsomali, poonekera, iye ali m'malaya wamba. Mkanjo ufunika nsalu yakuda mamita atatu. Wigi tipange ndi thonje, koma musamate ndi guluu, thukuta likangoyamba limayoyoka. Lisokereni pa kachipewa koyera m'mizeremizere. Unyolo wa m'miyendo ukhale wa katoni yopaka makala, wachitsulo ungavulaze ana.

Azakhali: Nsalu ndi ulusi ndigula ine. Ndipo tichitire m'kalasi kapena pakhonde lalikulu. Malichi mvula sinathe, makatoni akanyowa zonse zaonongeka.

Achimwene a ku Joni: A Vera tisawasandutse mkazi wongolira pambali. Anali loya woyamba wamkazi m'Malawi, ankaphunzitsa zamalamulo ku yunivesite ya Zambia. Apatsidwe mtsikana wa mawu omveka, wosachita manyazi.

Amalume: Ndithu. Ku ndende ya Zomba anawatsekera kosiyana. Anaonana mu Seputembala 1992, maloya a ku Britain atabwera kudzawazonda, patatha zaka 8 asakuonana, a Chirwa akuvutika kuona ndi kumva. Anamwalira m'ndendemo pa 20 Okutobala 1992, ali ndi zaka 73, ndipo a Vera sanaloledwe kupita kumaliro. A Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993, referendamu n'kuchitika pa 14 Juni chaka chomwecho. Zimenezi awerenge wofotokoza nkhani, ana asasewere imfa.

Mzime: Ndamva. Mawu a aliyense ndiwalemba pa pepala limodzi, asapitirire mizere isanu. Nditumiza pano Lachisanu kuti amalume ndi alamu aone masiku ngati ali olondola.

Achemwali a ku Limbe: Kuyeserera koyamba Loweruka 2 koloko kwa agogo. Makolo mubweretse ana adyeretu, ndipo aliyense abwere ndi katoni imodzi.